Khomo la eni nthaka m'sukulu za malamulo ku Canada lisatsekedwe

Mu June 2023 khothi lalikulu kwambiri ku America linagamula kuti mayunivesite asamayang'anenso mtundu wa munthu posankha ophunzira. Chigamulochi sichigwira ntchito ku Canada, koma funso lomwe chinadzutsa likumvekanso kumeneko: n'chifukwa chiyani sukulu za malamulo zili ndi khomo lapadera lolowera ana a eni nthaka, kutanthauza a First Nations, a Inuit ndi a Métis, omwe makolo awo anali m'dzikolo Azungu asanafike? Ena akuti khomoli limatsitsa maphunziro, ena akuti ndi tsankho lovekedwa suti, ndipo ena akuti anthu achinyengo alilowerera kale. Maganizo anga ndi akuti khomoli likhalepo ndipo lilimbitsidwe, koma mlonda wake akhale mitundu ya eni nthakayo, ndipo wolowapo apeze mkatimo ndalama, chithandizo ndi maphunziro olemekeza malamulo a kwawo. Khomoli si mphatso ya chifundo. Ndi njira yobwezera ngongole yomwe lamulo lenilenilo linatenga, ndipo mlandu suwola.

Tiyambe ndi ngongoleyo, chifukwa popanda iyo mkangano wonse umaoneka ngati wolimbirana mipando basi. Lamulo la Indian Act la mu 1876 linkanena kuti Mwindiya, monga ankawatchulira, akapeza digiri ya ku yunivesite kapena akaloledwa kugwira ntchito ya uloya, ndiye kuti wasiya kuwerengedwa ngati Mwindiya pamaso pa boma. Tiganizire bwino zimenezi: mphotho ya kuphunzira malamulo inali kufufutidwa m'kaundula wa anthu a kwanu. Kenako, kuyambira 1927 mpaka 1951, gawo 141 la lamulo lomwelo linaletsa kusonkhetsa ndalama zolipirira loya woti akamenyere nthaka kapena madandaulo ena a mtundu popanda chilolezo cha boma, lomwe linali loimbidwa mlandulo. Pa nthawi yomweyo ana pafupifupi 150,000 anachotsedwa m'manja mwa makolo awo n'kukatsekeredwa m'sukulu zogonera komweko zoyendetsedwa ndi mipingo ndi boma, komwe ankalangidwa akayankhula chinenero chawo, ndipo zomaliza mwa sukuluzi zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Zotsatira zake sizodabwitsa. Alfred Scow, mbadwa yoyamba ya eni nthaka kumaliza sukulu ya malamulo ku British Columbia, anamaliza mu 1961. Roberta Jamieson, mayi woyamba wa First Nations kulandira digiri ya malamulo m'dzikolo, anailandira mu 1976. Izi si nkhani za makedzana. Agogo a ophunzira a lero anazionera ndi maso.

Tisanayankhe otsutsa, ndi bwino kufotokoza chomwe khomoli lili, pakuti ambiri amalitsutsa asanalione. M'madera ambiri a Canada munthu salowa sukulu ya malamulo akangochoka ku sekondale; amayamba waphunzira zaka zitatu kapena zinayi ku yunivesite, ndipo digiri ya malamulo, yotchedwa JD, imatenga zaka zina zitatu. Wofunsira malo amalemba mayeso a LSAT, omwe malikisi ake amayambira 120 kulekeza 180. Kuyambira August 2024 mayesowa ali ndi zigawo ziwiri zoyesa kulingalira mfundo, chimodzi choyesa kumvetsa zowerenga, ndi china chosawerengedwa, chilichonse cha mphindi 35. Ku Ontario mafomu onse amadzera ku OLSAS, ofesi yolandira mafomu a sukulu zonse za malamulo m'chigawocho, ndipo tsiku lomaliza la olowa chaka choyamba m'mapologalamu a Chingerezi limakhala kumayambiriro kwa November, pomwe m'zigawo zina munthu amafunsira ku sukulu iliyonse payokha. Wosankha khomo la eni nthaka amaperekanso zonsezi: zotsatira za ku yunivesite, malikisi a LSAT kumene amafunika, makalata a umboni ndi kalata yodzifotokoza. Chosiyana n'chakuti amawonjezera umboni wa mtundu wake ndi wa ubale wake ndi anthu a kwawo, ndipo komiti yosankha imawerenga fayilo yonse mozama m'malo moyika manambala awiri pa sikelo n'kudula mzere. Ambiri amalakwitsa pa kalata yodzifotokoza: amalemba mbiri ya masautso a eni nthaka onse ngati nkhani ya m'buku, pomwe komiti ikufuna kudziwa kuti iyeyo ndi wa kuti, wagwira ntchito yanji pakati pa anthu ake, ndipo ngati malikisi a chaka china anatsika, chinachitika n'chiyani.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya luso, ndipo si yopepuka. Iwo amati loya amanyamula ufulu ndi chuma cha anthu, choncho malo apite kwa wopambana mayeso, mosayang'ana komwe wachokera. Ukatsitsa mulingo, wovutika ndi munthu wamba amene adzaimiridwa ndi loya wosakhwima. Nkhawa ya munthu wambayo ndi yoyenera, koma yayikidwa pa khomo lolakwika. Chomwe chimateteza anthu kwa loya wosadziwa ntchito ndi khomo lotulukira. Wolowera pa khomo la eni nthaka amakhala m'kalasi limodzi ndi anzake, amalemba mayeso omwewo, omwe nthawi zambiri amachongedwa ndi nambala m'malo mwa dzina, amagwira ntchito yoyeserera pansi pa loya wamkulu kwa miyezi yambiri, ndipo amakwaniritsa zonse zomwe bungwe la maloya la chigawo chake limafuna asanapatsidwe chilolezo. Palibe laisensi yapadera ya eni nthaka. Kuwonjezera apo, LSAT imayesa luso, inde, koma imayesanso mpata womwe munthu anali nawo wokonzekera. Kulemba kamodzi kokha kumadya madola a ku America opitirira 200, osawerengera mabuku ndi makosi okonzekeretsa. Wophunzira wa ku Toronto amene makolo akumulipirira lendi angathe kukhala miyezi itatu akuyeserera mayeso tsiku lililonse. Mayi wa ana awiri amene akugwira ntchito mu ofesi ya mtundu wake kumpoto kwa Manitoba, kumudzi kofikako ndi ndege yokha, amayeserera ana akagona, pa intaneti yodukaduka. Akasiyana ndi malikisi asanu, kodi tayesa nzeru zawo kapena tayesa nyumba zomwe akuchokera?

Umboni woti anthu otere amakwanitsa ulipo kale. Mu 1973 Roger Carter anayambitsa ku University of Saskatchewan maphunziro okonzekeretsa eni nthaka asanalowe chaka choyamba, pa nthawi yomwe maloya a eni nthaka m'dziko lonselo ankawerengeka ndi zala. Kwa zaka zambiri pologalamuyi inkatenga masabata asanu ndi atatu m'nyengo yotentha, ophunzira n'kuphunzira malamulo a katundu ndi nthaka, kuwerenga zigamulo ndi kulemba mayeso monga momwe amalembedwera ku sukulu ya malamulo. Mwa odutsa kumeneko mwatuluka maloya, oweruza ndi aphunzitsi a malamulo ochuluka. Nzeru ya pologalamuyi inali kuzindikira chomwe chimagwetsa anthu m'chaka choyamba. M'maphunziro ambiri malikisi a chaka chonse amadalira kwambiri mayeso amodzi omaliza, ndipo funso lake limakhala nkhani yopeka ya masamba awiri kapena atatu momwe wophunzira ayenera kufukula yekha milandu yobisika, kutchula lamulo, kuliyika pa nkhaniyo ndi kuonetsa mbali zonse ziwiri. Woloweza zigamulo pamtima koma osayeserera kuyankha mafunso a zaka zam'mbuyo ndi wotchi patsogolo amagwa, ngakhale atakhala wanzeru chotani. Mwana wa loya amamva chinsinsichi akudya chakudya chamadzulo kwawo. Woyamba m'banja lake kufika kumeneko amachizindikira mu December, zotsatira zoyamba zitamupweteka kale. Pachifukwa ichi, sukulu yomwe imatsegula khomo koma osapereka chithandizo cha mtundu umenewu ndiyo ikuyenera kufunsidwa mafunso, osati wophunzirayo.

Mfundo yachiwiri ndi ya chilungamo: boma ndi sukulu zisamasiyanitse nzika, ndipo ngati vuto ndi umphawi, athandizidwe osauka onse. Wowerenga wa ku Malawi adzakumbukira msanga kota, njira yosankhira ophunzira a ku yunivesite potengera boma lomwe akuchokera, yomwe inagawa anthu kwa zaka zambiri mpaka inathetsedwa mu 2020, ndipo ali ndi chifukwa chokayikira china chilichonse chofanana nayo. Komabe nkhani ziwirizi zikusiyana pa tsinde. Maboma a m'Malawi ndi zigawo za dziko limodzi za nzika zofanana pa lamulo. Mitundu ya eni nthaka ku Canada inali ndi maboma ndi malamulo ake, yambiri inasainirana mapangano ndi Ufumu wa Britain, ndipo gawo 35 la malamulo aakulu a dzikolo a mu 1982 limavomereza ufulu wawo poutchula. Gawo 15(2) la chikalata cha ufulu wa anthu limalolanso poyera mapologalamu otukula magulu omwe anaponderezedwa. Mu 2008, pa mlandu wa Kapp, asodzi ena anadandaula kuti boma linapatsa mitundu itatu ya eni nthaka maola 24 osodza okha nsomba za salmon pa mtsinje wa Fraser, ndipo khothi lalikulu linagamula kuti kumeneko sikunali kuphwanya ufulu wofanana. Za umphawi, n'zoona kuti mwana wa Mzungu wosauka naye ayenera kuthandizidwa, ndipo sukulu zambiri zili ndi khomo lina la anthu omwe anakumana ndi zovuta zosiyanasiyana. Koma iye sanaletsedwe ndi lamulo kukhala loya chifukwa cha mtundu wake, ndipo mudzi wake sukusowa munthu womasulira pangano la nthaka la zaka zoposa 100 zapitazo. Mavuto awiri osiyana safuna mankhwala amodzi.

Apa mpomwe phindu la dziko lonse limaonekera. Pa kalembera wa 2021 eni nthaka anali pafupifupi 1.8 miliyoni, asanu mwa anthu 100 alionse, koma m'ndende za boma lalikulu amaposa 30 mwa akaidi 100, ndipo pakati pa akaidi aakazi afika pafupifupi theka. Kuyambira pa chigamulo cha Gladue mu 1999, chomwe chinatsindikidwanso pa mlandu wa Ipeelee mu 2012, woweruza ayenera kuganizira mbiri ya munthu wa eni nthaka ndi njira zina zolangira asanamutumize kundende. Koma lamuloli silidziyendetsa lokha. Pamafunika loya wodziwa kupempha lipoti la Gladue, lomwe limafotokozera khothi mbiri ya wolakwayo ndi ya anthu a kwawo, wodziwa kufunsa za agogo omwe anapita ku sukulu zogonera zija popanda kutsekula bala mwankhanza, ndi wodziwa akuluakulu a kumudzi omwe angalandire wolakwayo. Chimodzimodzi pa milandu ya nthaka. Pa mlandu wa Delgamuukw, mafumu a Gitxsan ndi Wet'suwet'en anapereka mbiri yapakamwa ya nyumba zawo, nyimbo ndi malire, pa mlandu womwe unatenga masiku oposa 300, koma woweruza mu 1991 sanaupatse umboniwo kulemera. Zinatengera khothi lalikulu mu 1997 kunena kuti mbiri yapakamwa ndi umboni woyenera kulandiridwa mofanana ndi zikalata. Aliyense amene anaonapo mlandu wa malire ukuweruzidwa pabwalo la mfumu, nkhalamba zikuloza mtengo ndi chulu zomwe makolo anagwirizana, akudziwa kuti umboni wotere si nthano. Michelle O'Bonsawin, woweruza woyamba wa eni nthaka m'khothi lalikulu la Canada, anasankhidwa mu 2022, patapita zaka pafupifupi 150 khothilo litakhazikitsidwa.

Mfundo yachitatu ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo siyenera kuzembedwa: chinyengo. Kwa zaka zambiri mayunivesite ankangokhulupirira aliyense wochonga kabokosi kakuti ndine wa eni nthaka. Kuyambira 2021 atolankhani, makamaka a CBC, nyumba youlutsira nkhani ya dziko la Canada, anaulula anthu otchuka m'mayunivesite omwe zonena zawo za komwe anachokera sizinkagwirizana ndi zikalata, ndipo mu 2022 loya wa chi-Métis Jean Teillet analembera University of Saskatchewan lipoti lonena za vutoli. Otsutsa amati khomo lomwe munthu angalowe ndi nthano ya agogo a agogo ake lingotsekedwa. Ine ndikuona kuti akuba akalowa m'nkhokwe, mwini amalimbitsa chitseko, sagwetsa nkhokwe. Wobedwa pa chinyengochi ndi mwana weniweni wa eni nthaka amene malo ake ndi ndalama zake zinapita kwa wina, choncho kutseka khomo n'kumulanga kawiri. Njira yoyenera ndi yomwe yunivesite ya Saskatchewan inatenga m'chaka chomwecho, yofuna umboni womwe maboma a eni nthakawo ndiwo avomereza. M'zochitika, umboniwu umakhala khadi la boma losonyeza kuti munthu ndi wolembetsedwa pansi pa Indian Act kapena kalata ya utsogoleri wa First Nation yake, khadi la unzika lochokera ku boma lovomerezeka la a Métis, kapena umboni woti Mu-Inuit analembetsedwa pa pangano la nthaka monga la Nunavut la mu 1993. Zotsatira za DNA sizikwanira, chifukwa funso si la magazi okha. Funso ndi lakuti, kodi anthu omwe ukuti ndi ako akukudziwa?

Ngakhale zili choncho, makadi okha angathenso kuchita nkhanza, ndipo apa oyendetsa sukulu ayenera kudekha. Mpaka 1985 mayi wa First Nations wokwatiwa ndi mwamuna wosalembetsedwa ankachotsedwa m'kaundula, ana ake osalembedwa, pomwe mwamuna wokwatira Mzungu ankamulowetsa mkazi wakeyo m'kaundulamo. Kukonza kwa 1985 kunabweretsa lamulo lodula mbadwo pakachitika maukwati awiri otsatizana ndi anthu osalembetsedwa. Ana zikwizikwi anatengedwanso ndi a zachisamaliro cha ana kuyambira m'ma 1960 n'kukaleredwa m'mabanja a Azungu, ena atasinthidwa maina. Mdzukulu wa munthu wotere angakhale wa eni nthaka weniweni koma m'thumba mulibe khadi. Choncho payenera kukhala njira yachiwiri: kalata yolumbira yofotokoza mzere wa makolo, zikalata za kubadwa kapena za kuleredwa, ndi umboni wa akuluakulu a mtunduwo, zonse zikuunikidwa ndi komiti momwe eni nthaka ali ndi mawu omaliza. Kwa wofunsira malo, phunziro lake n'losavuta: kufufuza zikalatazi kumatenga miyezi, maofesi a mitundu ing'onoing'ono ali ndi antchito ochepa, ndipo woyamba kupempha kalata mu October amapezeka tsiku lomaliza lafika ali chimanjamanja.

Otsutsa ena sadandaula ndi khomo koma ndi zophunzitsidwa. Mu 2015 bungwe la Truth and Reconciliation Commission, lomwe linafufuza za sukulu zogonera zija motsogozedwa ndi woweruza Murray Sinclair, linapereka mfundo 94, ndipo ya nambala 28 inapempha sukulu za malamulo kuti wophunzira aliyense aziphunzira za eni nthaka ndi malamulo. Ena amati uku n'kulowetsa ndale m'kalasi. Ku Alberta gulu la maloya linayesa kuchotsa mphamvu yomwe bungwe lawo linagwiritsa ntchito powakakamiza kuchita kosi yotere, koma pa voti ya mu February 2023 oposa 2,600 anakana ganizolo ndipo olivomereza sanafike 900. Anachita bwino, chifukwa iyi ndi nkhani ya kudziwa ntchito. Loya wa kampani ya migodi amene sadziwa udindo wa boma wokambirana ndi eni nthaka asanayambe ntchito pa malo awo adzaluzitsa kasitomala wake. Komanso kosiyi imachotsa katundu pa mapewa a wophunzira mmodzi kapena awiri a eni nthaka m'kalasi, omwe mphunzitsi akafika pa chiphunzitso choti nthaka yonse pansi pake ndi ya Ufumu, maso onse amatembenukira kwa iwo kuti ayankhire mitundu yoposa 600 ya First Nations. University of Victoria inapita patsogolo mu 2018 poyambitsa digiri ya zaka zinayi ya JD/JID, yophatikiza malamulo a Canada ndi a eni nthaka, yokonzedwa ndi John Borrows ndi Val Napoleon, momwe malamulo a katundu amaphunziridwa pambali pa a Gitxsan, a milandu ya upandu pambali pa a Cree, ndipo ophunzira amakakhala m'midzi kuphunzira kwa eni malamulowo. Oyamba anamaliza mu 2022.

Pali dandaulo lina lochokera kwa eni nthaka eniake, ndipo ndimalilemekeza kuposa onse. Iwo amati sukulu ya malamulo imatenga ana awo anzeru, kuwasula kuti aziganiza ngati lamulo lomwe linawalanda nthaka, n'kuwasiya m'maofesi a m'mizinda osabwereranso. Zimachitikadi. Koma kukana sukulu sikuchotsa khothi. Mlandu wa mwana wolandidwa kapena wa paipi ya mafuta udzazengedwabe, ndipo wina adzaimirira kuyankhula. Yankho labwino ndi kubweretsa sukulu kufupi. Pologalamu ya Akitsiraq inaphunzitsa malamulo ku Iqaluit, likulu la dera la a Inuit la Nunavut, mogwirizana ndi University of Victoria ndipo anthu 11 anamaliza mu 2005. Ina yofanana, ya University of Saskatchewan, inayamba kumeneko mu 2017 n'kutulutsa ophunzira mu 2021. Chofooka chake n'chakuti pakati pa magulu awiriwa panadutsa zaka zoposa 10 popanda kalasi, pomwe mibadwo ya ophunzira imabwera chaka ndi chaka.

Chotsala ndi ndalama, ndipo apa pali bodza lofala lakuti eni nthaka amaphunzira ulere. Boma lalikulu lili ndi thumba lothandizira ophunzira a First Nations olembetsedwa, koma ndalamazo zimadzera ku utsogoleri wa mtundu uliwonse, ndipo kuyambira 1996 kwa zaka pafupifupi 20 ndalama za mapologalamu otere zinkaloledwa kukwera ndi 2 peresenti yokha pachaka pomwe achinyamata ankachuluka. Zikachepa, mtundu umasankha woyamba kuthandizidwa, ndipo wofuna digiri yachiwiri angathe kuyikidwa kumbuyo kwa omwe akungochoka ku sekondale. Wosalembetsedwa salandira kanthu m'thumbali. Fizi ya malamulo ku University of Toronto imaposa madola a ku Canada 30,000 pachaka, pomwe ku Victoria siifika theka la ndalamazi, ndipo pamwamba pake pali lendi, kusamalira ana ndi ndege yobwerera kumudzi pakagwa maliro. Wofunsira malo ayenera kupempha thandizo ku mtundu wake asanalandire n'komwe yankho la sukulu, chifukwa masiku otsekera a mbali ziwirizi sayenderana. Apemphe kuchotseredwa malipiro a LSAT ku bungwe loyendetsa mayesowo asanalembetse. Afunsirenso ku Indspire, bungwe lopereka thandizo kwa ophunzira a First Nations, Inuit ndi Métis. Sukulu nazo zitumize kalata ya thandizo la ndalama mu envelopu imodzi ndi kalata yopereka malo, kuti munthu asamasiye ntchito ndi kusamutsa ana asanadziwe kuti lendi ya September adzalipira ndi chiyani.